Beseni la Ufa ndi Mchira wa Dziko

Mudzi wa Mtsukwa,
Nsaru,
Lilongwe.

21 Ogasiti 2023

Okondedwa alongo anga a Yonasi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse ku Kitwe kumeneko. Ine kuno ndilipo, bondo lokha ndilo likundikumbutsa zaka zanga. Chimanga tinakolola ngolo zitatu ndi theka, mtedza matumba asanu ndi limodzi. Nkhuku zatsala khumi ndi zinayi. Zinali khumi ndi zisanu, koma za imodziyo mumva m'munsimu.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa makutu anu ndikuwadziwa, ndipo nkhani iyi si yokuwa. Mwana wanga Edina wandiuza kuti munamva zoti banja lathu alichotsa pa maliro m'mudzi muno, ndiponso kuti mukufuna kukwera basi mudzaweruze monga mwini mbumba. Khazikani mtima pansi. Nkhaniyo yatha, ndipo yatha bwino kuposa mmene ndinkaopera. Koma popeza munangomva mchira wake, ndikuuzani kuyambira kumutu.

Pamela, mwana wa Edina uja munamusiya ali ku sekondale, tsopano ndi mayi wamkulu. Akuchita digiri yachitatu ku yunivesite ina ku Joni, ndipo anabwera kuno mu Juni kuti adzalembe buku lake pamalo opanda phokoso. Zimene amaphunzira ndiyesa kukufotokozerani mmene ndazimvera, chifukwa popanda zimenezo simungamvetse chimene chinamuvinitsa pa tsiku losayenera kuvina.

Mukukumbukira kuti ndinkaphunzitsa sayansi ku pulayimale. Ndinkaika maginito pansi pa pepala, n'kuwaza tinyenyeswa tachitsulo pamwamba, ana n'kumaona tikundandana m'mizere yokhota. Dziko lathu lino nalonso lazunguliridwa ndi mizere yotero, yosaoneka. Zimenezo ndinkazidziwa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti dzuwa limapemerera mphepo yake usana ndi usiku. Si mphepo yogwedeza masamba ayi, ndi mpweya wotentha koopsa wokhala ndi mphamvu ya magetsi, umene iwo amautcha pulazima. Mphepoyo imakankhira mizere ija kuseri kwa dziko, mbali yomwe kuli mdima, n'kuikoka mpaka kukhala mchira wautali wopitirira pomwe pali mwezi. Mumchiramo mizere imakokeka ngati legeni, kenako imaduka n'kulumikizananso, ndipo ikatero imaponyera pulazima chakuno mwaliwiro, m'timitsinje topapatiza timene sitikhalitsa. Timitsinje timeneti ndito ntchito ya Pamela. Akuti tikachuluka timasokoneza masetilaiti, nthawi zina ngakhale mawaya a magetsi m'mayiko ozizira.

Popeza palibe amene angapite kumeneko ndi tepi yoyezera, iye amamanga mchirawo m'kompyuta. Amagawa thambo lonselo m'timabokosi, kompyuta n'kuwerengera zimene zikuchitika m'kabokosi kalikonse, n'kusuntha nthawi pang'ono, n'kuwerengeranso. Ndinamufunsa kuti timabokosito tilipo tingati. Atandiuza ndinayesa kulemba pa chikuto cha kalendala, maziro n'kusefukira m'mphepete. Ndinati, "Mwana iwe, magazi anga onse anathera mwa iwe eti?" Anangoseka.

Vuto lake linali lakuti timabokosi tikakula, timitsinje tija sitioneka, monga sefa ya mabowo aakulu imene imangodutsitsa zonse. Zaka ziwiri wakhala akuona mchira wokha wopanda kanthu. Kuti achepetse timabokosito pankafunika makina aakulu a ku Joni komweko, amene ophunzira ambiri amalimbirana. Anamupatsa nthawi yake, ndipo inkatha sabata yomwe ndikukambayi. Makinawo amagwira ntchito chigawochigawo. Chigawo chikatha, mwini wake ayenera kutumiza china msanga, apo ayi malo ake amapatsidwa kwa wotsatira pamzere. Ndiye Pamela ankapita ndi kompyuta yake yaing'ono ku chulu chija chili m'mbali mwa njira ya kumanda, pakuti m'mudzi monse muno ndi pokhapo pamene netiweki imagwira osagwedezeka.

Lolemba madzulo mai Tabita, akazi a a Januario, anatisiya atadwala nthawi yaitali. Masamba anaikidwa pamsewu, ndipo uthenga unayenda kuti mwambo ukhala Lachitatu poyembekeza mwana wawo wa ku maesiteti a ku Kasungu. Mwambo wa kwathu simunauiwale: mtembo ukakhala m'mudzi khasu siligwidwa, njerwa siziumbidwa, aliyense amasiya zake.

Lachiwiri m'mawa Pamela anapita ku chulu. Ine ndinali pakhonde ndikupima ufa wa pa maliro, mbale zinayi zosefukira monga ndimachitira nthawi zonse, ngakhale ena amapereka ziwiri. Ndinaona adzukulu okumba manda akudutsa ndi makasu ndi zikwanje, kukalambula njira ndi kukaona malo. Anali asanu ndi anayi. Patsogolo panali mkulu wawo, a Frackson, mwana wa malemu a Nedson, amene ndinawaphunzitsa ali mnyamata wa makabudula ong'ambika.

Zimene anakapeza ku chulu ndinazimva kwa anthu atatu osiyana, ndipo onse ananena chimodzimodzi. Pa nthawi yomweyo, timitsinje tija tinali titangotulukira koyamba pa galasi la kompyuta, tofiira, tikuthamangira ku dziko. Mwana anaiwala dziko lomwe analipondalo. Anaimirira pamwamba pa chulu atavala thalauzi, tizingwe tomvetsera tili m'makutu, manja m'mwamba, akudumpha n'kumakuwa kuti, "Tatuluka! Tatuluka!" Amuna asanu ndi anayi ataima ndi makasu m'munsi mwake, kulira kwa pa siwa kukumveka bwinobwino kwa aliyense wopanda tizingwe m'makutu. Anangoyang'ana, n'kupitirira.

Ine osadziwa kanthu ndinakapereka ufa wanga ndi mtolo wa nkhuni, n'kukhala m'siwa ndi amayi a Chigwirizano mpaka dzuwa litapendeka. Ndinaona kuti amayi awiri amene ndimakhala nawo mphasa imodzi asendera kwina, koma ndinati mwina n'kutentha. Nditabwerera kunyumba kudzatsekera nkhuku, ndinapeza beseni langa lili pakhonde, lovundikira ndi nsalu yanga yomwe. Ndinavundukula. Ufa unali wonse, ndipo chizindikiro cha mtanda chimene ndimalemba ndi chala pamwamba chinali chisanafufutike. Nkhuni nazo zinali poteropo, chingwe chake chosamasula.

Alongo anga, ndakhala ndi moyo zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi, ndaika mwamuna ndi ana awiri, koma ufa wanga wa pa maliro unali usanabwezedwepo mpaka tsiku limenelo. Ndisanakhale n'komwe pansi, a Frackson anatulukira, osalowa pabwalo, anangoima pa mpanda.

Ndinati, "A Frackson, lowani, mpando ulipo."

Anati, "Ayi aphunzitsi, ndangodzatula mawu a anzanga. Akuti pakhomo pano pali makina odziwa ntchito, osapuma ngakhale pa maliro. Ndiye tsiku lanu likadzafika, makina omwewo adzakumbe. Ife makasu athu ndi achikale."

Anatembenuka n'kumapita.

Inu mwakhalitsa kunja, mwina mungaganize kuti anali mawu ongoopseza. Ine ndinaona ndi maso anga kutsidya kwa dambo, chaka cha mvula yochedwa chija. Banja lina linkangotumiza chipepeso pa foni osaonekera pa maliro a anzawo. Mayi wawo atamwalira, mudzi wonse unabwera, n'kukhala pansi pa mitengo, n'kumangoonerera. Ana a m'tauni anavula majekete n'kukumba okha, manja akutuluka matuza, dzenje lokhota ngati la zinyalala, mtembo ukudikira padzuwa. Ndinalira tsiku limenelo ngakhale malemuwo sindinkawadziwa bwino. Ine sindipempha zambiri pa dziko lino. Ndimangofuna malo aja ali pambali pa amayi athu, pansi pa mtengo wa muwanga, ndi kuti ondiika akhale anthu amene ndinawagwira dzanja powaphunzitsa kulemba.

Pamela anabwera akuimba. Asanafike n'komwe pakhonde anayamba, "Agogo, bwerani muone! Timitsinje tilipo tisanu, tikuthamanga ngati..." Kenako anaona beseni.

Nditamufotokozera, choyamba anapsa mtima. Anati, "Koma agogo, ndapha munthu ine? Mai Tabita ndinkawakonda, si ine ndinkawagulira mankhwala ku Kabudula? Ndinangosangalala kamphindi kamodzi pa chinthu chimene ndachivutikira zaka ziwiri!"

Ndinati, "Iwo sanaone zaka ziwiri. Anaona mtsikana akuvina panjira ya kumanda."

Anati, "Ndiye ndikawafotokozera Lachinayi. Mawa m'mawa ndiyenera kutumiza chigawo chomaliza, ndipo ndiyenera kuchilondera mpaka masana, chifukwa manambala akasokonekera chimaima. Ndikachisiya, malo anga apita. Mzerewo ndi wautali, agogo, mwina mpaka chaka chamawa."

Sindikanatha kumuuza kuti ataye chaka chifukwa cha dzenje la nkhalamba. Ndinangotenga mbale n'kuyamba kubwezera ufa uja m'thumba, ndikuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi changa. Imodzi. Ziwiri. Pa yachitatu mbale inapendekeka, ufa n'kutayikira pansi, nkhuku zimene ndinali ndisanatsekere n'kuthamangira. Ndinangoziyang'ana zikudya. Pamela akuti chimene chinamuopsa n'chimenecho, chifukwa chibadwire sanandionepo ndikulekerera ufa kutayika.

Anandilanda mbale, nabwezera ufa wonse m'beseni, nawonjezera wina wolowa m'malo mwa wotayikawo. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi kompyuta yake, naiika pamiyendo panga.

Anati, "Ikani m'sutikesi mwanu, kiyi musunge inu. Ndikadzakupemphani mawa musandipatse, ngakhale ndilire."

Lachitatu m'mamawa ndinapita kwa mai Ezeliya, mnzanga wa ku Chigwirizano amene pakamwa pake sipachita manyazi, kuwapempha kuti atiperekeze. Anamuyang'ana Pamela kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Chitenjecho wamanga ngati ukupita kosamba. Bwera kuno." Anamumanga bwino, namuveka mpango, namusenzetsa beseni. Ine ndinanyamula tambala wanga wofiira uja, wamkulu pa onse. Ndiyo nkhuku yakhumi ndi chisanu ija.

Tinakagwada m'mphepete mwa msitu wa manda, pomwe akazi amalekezera adzukulu akamakumba. Anatisiya tikugwada nthawi ndithu, makasu akungomveka m'katimo. Kenako anatuluka mmodzimmodzi, matope ali m'miyendo, n'kukhala pa chipika. Mai Ezeliya anayamba, "Azibambo, tabwera ndi mwana wanu. Anaphunzira zambiri, koma izi zokha sukulu yake inalumpha."

A Frackson anati, "Alankhule yekha. Pakamwa ali napo, tinamumva dzulo. Mayi, tiuzeni, munkavina gule wanji? Chimtali ayi, chitelera ayi. Mwina ndi wa ku Joni?"

Pamela anaweramitsa mutu nati, "Ndinalakwa, bambo. Ndapepesa kwa inu nonse, ndipo ndikapepesanso kwa a Januario. Sindinkasekera maliro. Ntchito yanga inali itatheka, ndiye ndinaiwala pomwe ndinali."

"Ntchito yanji yogwirira pachulu? Mumagwira ngumbi mu Ogasiti?"

Wina anaseka, koma anadzigwira msanga. Pamela anayesa kufotokoza za mchira wa dziko ndi mphepo yothamanga m'menemo. Mdzukulu wina wamtali anati, "Taimani kaye. Dziko lili ndi mchira?"

"Eya bambo, koma wosaoneka."

"Ndiye kuti ife tonse ndife nkhupakupa pamsana pa ng'ombe, eti?"

Apa anaseka atatu. A Frackson okha nkhope inali gwa. Anati, "Mphepo yanuyo imathamanga bwanji?"

"Kuchoka pano kukafika ku Mzuzu musanaphethire kawiri."

"Munaiona ndi maso?"

"Ayi bambo. Masetilaiti anaipeza kalekale. Ine ndinaipanga m'kompyuta, kuti timvetse mmene imayambira."

A Frackson anatembenukira anzawo nati, "Mwamva amuna inu? Anapanga yekha mphepo, n'kuivinira yekha. Ine ndikaumba ng'ombe yadothi sindiitanitsa mkaka."

Onse anaseka, ngakhale mai Ezeliya anabisa pakamwa ndi nsonga ya mpango. Ine mtima unayamba kutsika. Koma a Frackson anadula kusekako ndi dzanja, nafunsa, "Funso limodzi lokha. Mwana wokulira m'tauni akhoza kusadziwa. Koma pakhomo paja pali munthu wamkulu wodziwa zonse. Agogo anuwa ankadziwa kuti mwapita ku chulu?"

Pamela sanandiyang'ane. Anati, "Ndinapita ndekha, bambo. Agogo anali otanganidwa ndi ufa."

Alongo anga, apa ndi pamene cholembera chikundilemera, ndipo ndaima kawiri kukamwa madzi. Pamwamba paja ndalemba kuti Lachiwiri m'mawa Pamela anapita ku chulu. N'zoona, koma ndinasiya pakati. Asanapite anabwera kwa ine kompyuta ili m'manja nati, "Agogo, m'mudzi muli maliro. Ndipite kapena ndisapite?" Mwana anafunsa. Ndipo ine, ndi uphunzitsi wanga wonse, ndinakhala pansi n'kuwerenga pa zala zinthu zoletsedwa: kulima, kudula mitengo, kuumba njerwa, kufolera nyumba, kupita kumsika. Zinakwana zisanu, ndipo kukhala pachulu ndi kompyuta panalibepo. Ndinati, "Pita, imeneyo si ntchito ya khasu. Ungofulumira." Ndinautenga mwambo ngati mayeso, kuti chimene sichinalembedwe pa pepala sichingakulepheretse. Ndinaiwala kuti anthu sayang'ana chimene uli nacho m'manja, amayang'ana ngati uli nawo limodzi.

Ndiye mwana ananama chifukwa cha ine, ine ndikugwada pambali pake ndi tambala m'manja, osatsegula pakamwa. Ndinaopa. Palibe dzina lina loti ndichitche.

A Frackson analandira tambala nati, "Ufawo kaperekeni, alandira. Mtsikanayu lero atunge madzi a adzukulu mpaka titafotsera, ndipo mawa asese nawo. Za dzenje la aphunzitsi sitinagwirizane. Tikambirana tikatha kuika amene wafa kale."

Pamela anatunga madzi tsiku lonse kuchokera pa mjigo wa kusukulu. Ndinaleka kuwerenga zidebe zitapitirira makumi awiri, chifukwa ndinkachita chisoni. Khosi lake silinazolowere, madzi ankamutayikira kumsana, atsikana anzake akumuseka kuti, "Dokotala, nkhata imaikidwa pamutu, osati pa khutu!" Nthawi yoti atumize chigawo chake chija itakwana, ndinamuona ataima ndi chidebe pamutu, akuyang'ana ku chulu. Kiyi inali pa mfundo ya chitenje changa ndipo ndinali nditaigwira kale. Akanangonditembenukira ndikanamupatsa, lonjezo kapena ayi. Sanatembenuke. Anapita ndi madzi ake kumanda.

Mai Tabita tinawaika bwino. Anthu anali ochuluka, makwaya anayi. Titabwerera, Pamela anakagwada kwa a Januario. Mkuluyo anamugwira pamutu nati, "Malemuwa ankati iwe udzapita ku mwezi. Akanakuona ukuvina akanafunsa kuti wafika kodi." Onse awiri analira.

Lachinayi titatha kusesa ndinamupatsa kiyi. Anapita ku chulu ndipo anabwerako mwakachetechete. Malo ake anali atapatsidwa kwa wina. Pulofesa wake anamulembera kuti timitsinje tisanu tija tinasungika, ndipo ndi tokwanira kutsimikiza kuti njira yake ikugwira, koma mutu womaliza wa buku uyenera kudikira mpaka adzapezenso malo pa makina. Ndiye kuti mwambo wolandira digiri umene Edina ankausokera kale diresi wasunthira kutsogolo, mwina ndi miyezi isanu ndi umodzi, mwina kupitirira. Ndinati, "Mwana wanga, ndakudyera chaka." Anati, "Agogo, mchirawo wakhalapo dziko chilengedwere, sukuthawa. Inu ndi amene sindikudziwa kuti mukhalapo mpaka liti." Kenako anandionetsa timitsinje take. Ndinatiwerenga ndekha, tinalidi tisanu, tikuyenda mokhotakhota ngati madzi oyamba a mvula pa bwalo louma. Ndi tokongola, alongo anga. Ndikanakhala wa msinkhu wake, nanenso ndikanavina.

Koma za dzenje langa kunali zii. Lachisanu kunali zii. Ndinasiya kudya bwino, ndipo ndinkati ndikamva khasu kugunda mwala kwa aneba, mtima unkadumpha.

Loweruka masana ndili pakhonde ndikusola mtedza, a Frackson anatulukira. Ulendo uno analowa pabwalo, ali ndi bango lalitali m'manja. Anakhala pa mpando osadikira kuuzidwa, natapa mtedza wanga, nayang'ana chakumadzulo.

Anati, "Aphunzitsi, chulu chija chimaonekera bwino pakhonde pano, eti?"

Ndinati, "Chimaonekera."

"Munthu atakhala pomwe mwakhalapo, akupima ufa, sangalephere kuona mwana akupita kumeneko."

Ndinaika lichero pansi. Ndinati, "A Frackson, mwana uja anandifunsa, ndipo ndine ndinamuuza kuti apite. Kumanda kuja ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Ngati pali woyenera kukanidwa, ndine. Kawauzeni anzanu zimenezo."

Anatafuna mtedza nthawi yaitali. Kenako anati, "Anzanga akudziwa kuyambira Lachiwiri. Akazi anga ankadutsa popita ku mjigo, anakumvani mukuwerenga pa zala. Timangodikira kuti tione ngati aphunzitsi amene ankatikwapula chifukwa cha bodza anena okha, kapena asiya mwana asenze."

Nkhope yanga inatentha ngati ndili mu Sitandade 2. Ndinati, "Ndiye mwagamula chiyani?"

Anati, "Taimirirani."

"Ndiimirire chifukwa chiyani?"

"Taimirirani, aphunzitsi, tsamirani khoma. Chilili, musapinde bondo."

Ndinaimirira. Anaimika bango lija pambali panga, naika chala pomwe pafika mutu wanga, nathyola pamenepo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndi bango loyezera mtembo asanakumbe. Ndinakuwa, "Frackson iwe, mwana wopanda mwambo! Ukundiyeza ndili moyo?"

Anati, "Ndikudziwani inu. Tikadzayeza mutagona mudzadzuka n'kunena kuti talakwitsa ndi inchi imodzi. Bola tiyezeretu muli maso, musaine nokha. Ili ndikasomeka kudenga kwanga. Koma musafulumire, nthaka ya pa muwanga paja ndi yolimba mu chilimwe. Mudzadikire mvula."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kenako sikunalinso kuseka. Pamela anatuluka m'nyumba atamva phokoso, napeza agogo ake atakhala pansi pa dothi akulira, munthu wamkulu ataima ndi bango akudya mtedza. A Frackson anamuuza kuti, "Dokotala wa mchira, apatseni madzi agogo anu. Kutunga mwaphunzira." Usiku wa tsiku limenelo ndinagona tulo tofa nato, mpaka nkhuku zinachita kundidzutsa.

Ndiye nkhani ndi imeneyo. Ndili ndi zopempha zitatu. Choyamba, Pamela musamukalipire. Mukafuna kukalipa, adiresi yanga ili pamwambapo. M'malo mwake mulembereni mawu awiri omulimbikitsa, chifukwa amadzionetsa wolimba koma ndamumva akuusa moyo akamayang'ana kalendala. Chachiwiri, Edina zoti ndine ndinaloleza sakudziwa. Ndidzamuuza ndekha akabwera, musanditsogolere.

Chachitatu ndi chovutirapo. A Frackson potuluka pa mpanda anatembenuka nati, "Alongo anu a ku Zambia aja akadalipo? Anyamata anga ambiri sakuwadziwa nkhope." Anangonena zimenezo n'kumapita. Koma nditakhala pansi ndinawerenga maliro a pa banja pathu amene munatumiza chipepeso osabwera, ndipo chiwerengerocho sindichilemba muno. Sindikukudzudzulani. Ulendo ndi wautali ndipo thupi ndi lakale, ndikudziwa. Kungoti Lachitatu lija, titatha kuika mai Tabita, ndinapatuka kukaona pa amayi. Pambali pawo malo alipo a anthu awiri, osati mmodzi.

Ndiye basi ya mlandu musakwere, mlandu palibe. Koma mvula isanagwe, bwerani mudzakhale sabata ngakhale imodzi. Mudzakhale pa chipika ndi amuna a m'mudzi muno, adzakusekeni, adzadye fodya wanu, akudziweni. Chipinda chanu ndachotsamo matumba a mtedza.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mbewu ya nyemba imene anandipatsa ija ikadalipo. Moni kwa ana ndi zidzukulu zonse, aliyense ndi dzina lake. Mai Ezeliya akupereka moni, akuti mukadali ndi ngongole ya gule mmodzi wa pa ukwati wawo. A Januario akuthokoza chifukwa cha mapemphero. Pamela akuti moni agogo aamuna, ndipo akuti mukabwera adzakukwezani pachulu mudzaone timitsinje take, pa tsiku loyenera.

Ambuye akusungeni mpaka ndidzakuoneni ndi maso, muli chilili.

Ine mlongo wanu,

Kettie Nambewe